Tsiku Limene a Ova Anamveka Mudzi Wonse

Minibasi iyi sidzaza msanga, musavutike n'kuyang'ana wotchi. Kondakitala uyo wakhala akunena kuti atsala anthu awiri kuyambira ndisanagule chimanga chowotchachi. Sendezani katunduyo mukhale bwino, ndikuuzeni za alamu anga a Chikhumbo a ku Lukwa. Mwina munamvapo za iwo, koma osati ndi dzina limenelo. Kwathu aliyense amawatchula kuti a Ova.

Iwowa anakwatira mlongo wanga Fainala. Ine ndine Ephraim, malume wa ana awo, ndiye mukudziwa kale kuti chilichonse chikasokonekera pakhomo pajapo chimathera pamutu panga. A Chikhumbo anagwira ukalaliki zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya cha ku Kapelula. Pa esitetipo panali mzungu wina wokalamba amene ankakonda kucheza ndi anzake a kunja pa wailesi. Osati wailesi yomvera nyimbo ndi mauthenga a maliro ayi, koma yolankhulirapo. Iwe ulankhula kuno, wina ku Japan akuyankha, popanda foni, popanda mayunitsi. Pobwerera kwawo, mzunguyo anawasiyira alamu chiwailesicho, chibokosi cholemera ngati thumba la feteleza, nawauza kuti, "Chikhumbo, kumvera uzimvera, koma usadzalankhulepo usanatenge laisensi ku boma."

Inu, tamverani. Wina akanangolumikiza batire tsiku lomwelo n'kuyamba kukuwa. Koma alamu anga ndi munthu woti ngakhale panjira ya ngolo amayang'ana uku ndi uku asanawoloke. Anaitanitsa mabuku a Chingerezi odzaza ndi zojambula za mawaya, n'kuyamba sukulu ali ndi imvi. Anaphunziranso chilankhulo china chogogoda chimene amati Mosi: kugogoda kwakufupi, kugogoda kwakutali, mpaka mawu atuluke. Ankagogoda paliponse. Pachishalo cha njinga, pabenchi ya m'tchalitchi, pamsana pa mbuzi. Tsiku lina tikudya, ndinangomva supuni ikulira pambale, ke, ke, kee, ke.

"Mukugogoda chiyani, bambo a Titho?" anafunsa Fainala.

"Ndikunena kuti m'ndiwomu mchere wachepa."

"Pakamwa mulibe?"

"Ndili napo, koma ndikuyeserera."

"Ndiye mcherewo muuthirenso mogogoda."

Dzina lija linabwera chonchi. Anthu a mawailesi akamaliza kulankhula amati "ova", kuti mnzawo adziwe kuti tsopano ndi nthawi yake. Alamu anazolowera. "Madzi osamba atentha? Ova." "Ana inu, nkhuku zalowa m'dimba. Ova." Ndiye Lamulungu lina abusa anawapempha kuti atseke mapemphero. Anapemphera bwino zedi, kupempherera odwala, mvula ndi mitengo ya fodya ku okushoni, n'kutsiriza ndi mawu akuluakulu kuti, "M'dzina la Ambuye wathu. Ova." Tchalitchi chonse chinangoti zii, ngati tikudikira kuti kumwamba ayankhe. Kuyambira tsikulo dzina loti Chikhumbo linatsala pa chitupa chokha.

Nthawi ya mayeso itakwana, anayenera kupita ku Lilongwe. Fainala anati akwere basi. Iwo anati basi ndi ya anthu osaganiza, poti pali lole ya mabelo a fodya imene ikupita komweko ndipo dalaivala wake ndi mnzawo. Anavala suti, anakwera pamwamba pa mabelo, buku lili m'khwapa, ife tikuwabayibitsa ngati nduna. Lole ija itadutsa Madisi, inatsokomola kawiri n'kuima pathengo. Dalaivala anati, "A Ova, tandionerani katunduyu, ndikafune sipeya pa Mponela pompa." Anapita. Dzuwa linalowa, linatuluka, linalowanso. Mabasi ankadutsa, ena kuwaimira, koma iwo ankati sangasiye fodya wa anthu popanda mlonda. Tsiku la mayeso linawapeza atakhala pabelo, akudya chinangwa chimene amayi ena a m'mudzi wapafupi anawapatsa powamvera chisoni. Anabwerera kunyumba akununkha fodya moti agalu awo omwe anawauwa.

Ulendo wachiwiri Fainala anawaperekeza yekha mpaka pa depoti, anawakweza basi, n'kumuuza kondakitala kuti, "Bambo awa musawatsitse panjira, ngakhale atapempha." Anakhoza, inu! Anabwera ndi pepala la chidindo, lokhala ndi dzina lawo la pa wailesi, la manambala ndi zilembo ngati la galimoto. Analiika m'felemu n'kulipachika pabalaza, chithunzi cha ukwati chinasendezedwa pang'ono.

Tsopano kunatsala eriyo. Wailesi yotere imafuna waya wautali, wokwezedwa m'mwamba ndithu. Waya wa m'sitolo anati ndi wodula. Anakapempha mota yopsa ya chigayo, ndipo tinakhala masiku tikusolola waya wa m'kati mwake, kuuwongola, kuupala ndi mpeni. Polumikiza ankatenthetsa chitsulo pa mbaula, n'kusungunulira mtovu, theka pawaya, theka pa thalauza. Mbali imodzi tinamanga ku bulugamu. Mbali inayo anati timange pansonga ya mtengo umene anauimika padenga la chigafa, mmene munali fodya wawo yense wa chaka chimenecho, atapachikidwa bwinobwino kuti aume.

"Alamu, kwerani inu, ndinu wopepuka," anatero.

Ine wopepuka? Tandiyang'anani. Koma munthu akakuyamikira pamaso pa akazi, umakwera. Ndinakwera, waya ndili nawo kumano. Ndinafika pakati pa denga, iwo ali pansi akulamula: "Kumanzere pang'ono. Ayi, kumanzere kwanga. Ova." Ndinaponda pamene panali udzu wokhawokha. Inu, ndinalowa m'chigafa kudzera kumwamba ngati mngelo, ndikuthyola mitengo yoyanikapo fodya umodziumodzi, mpaka ndinafika pansi nditavala masamba kumutu mpaka kumapazi. Ndikuyetsemula, nthiti zikuwawa, ndinamva alamu akuthamanga. Anasuzumira, anandiyang'ana, n'kufunsa kuti, "Waya sunaduke?"

Sunaduke. Tinaumanga tsiku lotsatira, atakwera wina. Kutacha, alamu anatuluka kuti akaone ntchito ya manja awo, n'kupeza mbali yotsika ya eriyo yadzaza zitenje, mabulangete ndi kabudula wawo wam'kati akuuluzika ndi mphepo.

"Mayi a Titho! Iyi ndi eriyo!"

"Ndiye chingwe chonsechi chizingokhala osagwira ntchito?"

Anakambirana mpaka anagwirizana kuti Lolemba ndi la zovala, masiku enawo ndi a dziko lapansi.

Kumbukirani kuti izi zinkachitika zaka zija za makuponi a feteleza, pamene kuponi imodzi tinkagawana mabanja awiri, ndipo munthu aliyense ankagona akuganiza ngati dzina lake lituluke. Anthu ataona waya uli m'mwamba, mbiri inayenda kuti a Ova akulankhula ndi akuluakulu ku likulu. Anayamba kubwera, wina ndi nkhuku, wina ndi mtedza. Alamu akanangonena kuti ayi, zikanatha. Koma iwo anakweza chibwano n'kuyankha kuti, "Ine sindilankhula ndi likulu lokha. Ndimalankhula ndi dziko lonse." Apo ndiye anathira mafuta pamoto.

Tsiku loyamba kulankhula, pakhomo panadzaza ngati pamsika. Wailesi anaiika m'kachipinda kamene anamanga pambali pa chigafa, batire ya galimoto ili pansi pa tebulo. Anavala tayi. Anatembenuza kachitsulo, wailesi inayamba kulira ngati nyama ili m'mafuta. Anakonza kukhosi n'kuyamba kuitana m'Chingerezi chija chosungira alendo: "Sii-kyuu, sii-kyuu," ndiko kuti aliyense amene akundimva ayankhe. Palibe. Anaitananso. Palibe. Thukuta linayamba kutsika m'tayi. Anthu a kumbuyo anayamba kuyasamula.

Mwadzidzidzi munthu anayankha, m'Chingerezi chonona. Alamu anatembenuka, maso ali gwa. "Mwamva? Ameneyu ndi wa ku Ulaya. Chingerezi ichi si cha kuno." Amayi anayamba nthungululu. Iwo anagwira maikolofoni ndi manja awiri, nafotokoza kuti ali ku Kasungu, m'dziko la Malawi, mu Afirika, ngati mwina bwanayo anamvapo za malowa.

Munthu wa m'wailesi uja anaseka. "Mwati ku Kasungu? Aa, ndinu a kwathu inu! Ndine Mphepo, kuno ku Chipata. Nanga mvula yayamba kwanuko?"

"Ku Chipata?" anatero mkulu wina pakhomo. "Ine ndinapitako panjinga kukagula zitenje!"

Gogo Enelesi, amene samva bwino, anakankha anthu n'kufika kutsogolo. "Tamufunseni ngati kwawoko makuponi atuluka."

Anthu anabalalika, ndipo amene anabwera ndi nkhuku anabwerera nazo.

Koma apa ndiwayamikire alamu anga. Sanataye mtima. Anatsitsa waya uja, anauyeza ndi tepi, anadula, anawonjezera, anakweza mtengo. Zala zawo zinadzaza zipsera za mtovu. Pofika nyengo yokolola yotsatira anali akulankhula ndi anthu a ku Italy ndi ku Brazil, ndipo makadi okongola ochokera kumayiko amenewo ankafika pa positi, otsimikiza kuti zoonadi tinamvana. Akuti azungu ankachita kulimbirana kuti alankhule ndi munthu wa ku Malawi, poti kuno a mawailesi otere ndi owerengeka. Koma mnzawo weniweni anakhala a Mphepo a ku Chipata aja. Sanaonanepo maso ndi maso, komabe Loweruka lililonse masana ankakumana pa wailesi, n'kumakamba za mawaya, za fodya ndi za maondo owawa.

Ndiye inafika nkhani ya Tithokoze, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. Anapeza mnyamata, Lucious, makaniko wa mathirakitala wa ku Kapelula. Chinkhoswe chinaikidwa Loweruka, pakhomo pa a Ova. Ine monga malume ndinali nkhoswe ya kuchikazi. Kuchimuna nkhoswe inali malume ake a Lucious, a Nthanda, munthu wamkulu thupi, wosachedwa kupsa mtima, amene pa zokambirana zathu zonse anali atanyamuka kale kawiri kuti akupita. Akuchimunawo, pofuna kuonetsa kuti si anthu wamba, anabwera ndi jenereta, mnyamata woimba nyimbo ndi masipika akuluakulu ngati zitseko. Zingwe za masipikawo anaziyala pabwalo ponse, pansi penipeni pa eriyo.

Mwambo unayenda bwino. Ine ndinalankhula mawu anga, ndipo ndinalankhula mokoma, ngakhale ndikudzinenera ndekha. Tinasinthana tambala ndi thadzi. Tithokoze anatuluka atavala chitenje chofanana ndi malaya a Lucious, amayi akuvina mozungulira. Nditacheuka kuti ndione bambo a mwana, mpando wawo unali wopanda munthu.

Nyimbo inali pakati pamene masipika anachita phokoso, khrrr, kenaka kunamveka mawu, ngati munthu akulankhulira m'ndowa, koma odziwika kwa aliyense:

"A Mphepo, a Mphepo, mukundimva? Ndine, ndazemba pang'ono. Ova."

Anthu anaseka. Mnyamata wa nyimbo anazimitsa nyimbo, anatsitsa voliyumu mpaka pansi, koma mawu aja sanatsike. Ankalowera m'zingwe zimene zinali pansi pa eriyo zija. A Mphepo sitinkawamva, tinkangomva mbali ya alamu yokha.

"Abwera, abwera ndi lole yathunthu, mpaka ndi ena amene akuoneka kuti anangowatola panjira. Mpunga sukwana. Alamu anga a Ephraim alankhula mpaka nkhuku zinayamba kugona, koma mukandifunsa zimene anena, sindikudziwa. Ova."

Inu, pabwalo panaphulika. Ine ndinanyamuka kuti ndithamangire kuchigafa, koma Fainala anandigwira jekete. "Khalani pansi, achimwene. Mwayamba kuthamanga poti atchula inu?"

"Nkhoswe yawo ndiye musanene," masipika anapitiriza. "A Nthanda. Avala suti yobwereka, manja ake akuthera pachigongono. Akati akweze dzanja, tonse tikumva ulusi ukulira kumsana. Batani limodzi likadumpha pamenepo, wina apita kuchipatala. Ova."

Kuseka kunatha. A Nthanda anaimirira pang'onopang'ono, ndipo kunena zoona, ulusi unalira. Akuchimuna anayamba kutola zikwama. Lucious anagwira kumutu, Tithokoze anabisa nkhope m'chitenje. Ine mumtima ndinati basi, chinkhoswe chathera pano, tambala abwerera kwawo. Wina anathamangira ku jenereta kuti azimitse.

"Musazimitse!" anabangula a Nthanda. "Ndimve zonse, kuti pokaweruza pasakhale wonama!"

Jenereta inasiyidwa ikulira. Kumbali inayo a Mphepo ayenera kuti anali akufunsa kanthu. Kenaka alamu anayambanso, koma mawu atatsika.

"Mnyamatayo? Ayi, pamenepo ndilibe mawu. Makutu ndi aakulu, inde, koma ndi munthu. Chaka chatha malungo atandigwetsa nthawi yothyola fodya, ankabwera mmamawa panjinga kuchokera ku Kapelula, kuthyola, kusoka, n'kubwerera kuntchito kwake. Amayesa sindikudziwa. Ndinkamuonera pawindo. Amene analera mwana ameneyu analera bwino, ngakhale sadziwa kugula suti. Ova."

A Nthanda anakhalanso pampando pang'onopang'ono.

"Mukuti ndathawiranji? A Mphepo, inu ndinu mnzanga, ndikuuzani. Ndikakhala pampando paja ndilira. Mwana uja ndinkamukweza pahandulo ya njinga popita naye ku sikelo, akundigwira ndevu. Lero ndamuona atavala ngati mayi. Ndiye bambo wamkulu, wa laisensi ya boma, azilira pamaso pa asewere? Ndati ndilirire kuno, kumene kulibe amene akundimva."

Apo anafwenthera m'maikolofoni, ndipo masipika aja anatulutsa chiphokoso choti mbuzi zinadula zingwe. Koma palibe anaseka. Amayi anali akupukuta m'maso ndi nsonga za zitenje.

"Amene wamulera ndi mayi ake," anapitiriza. "Ine ndimangosewera ndi mawaya. Mkazi uja, a Mphepo, pakamwa pake ndi chigayo, sipapuma. Koma atati lero sankhanso, ndikhoza kudutsa akazi onse a m'Kasungu mpaka ndimupeze yemweyo. Basi, ndipite, angayambe kundifuna. Ova."

Chitseko cha kachipinda chinatseguka. A Ova anatuluka akukonza tayi, nkhope ataiumitsa ngati munthu wochokera kokaona mbuzi. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kuona kuti anthu onse, mazanamazana, akuwayang'ana iwo.

"Kwagwanji?" anafunsa.

Tithokoze anathamanga n'kuwakumbatira, akulira mokweza. Amayi anaimba nthungululu. Alamu anandiyang'ana ine, ine ndinawalozera masipika, kenaka eriyo. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana zingwe pansi, ndipo poti ndi munthu wokhoza mayeso, anamvetsa nthawi yomweyo. Anandisendera pafupi.

"Kuyambira pati?" ananong'ona.

"Kuyambira pa mpunga."

A Nthanda anabwera, anthu akuwapatukira. Anaima pamaso pa alamu, mimba kutsogolo.

"Asewere, mlandu ulipo. Suti iyi si yobwereka. Ndi yanga. Ndinaigula ndekha ku Lilongwe ndisanakwatire. Suti sinalakwe, ndakula ndine."

"Pepani, asewere, ine..."

"Sindinathe. Mwandinyoza kuno, mwandinyozanso ku Zambia. Kunoku anthu andiona okha. Koma bambo wa ku Chipatayo atsala ndi mbiri yolakwika. Nditengereni komweko ndikadziyankhire."

Monga nkhoswe, ndinavomera msanga chigamulocho asanaganize zolipiritsa mbuzi. Analowa awiriwo m'kachipinda kaja, a Nthanda cham'mbali chifukwa cha chitseko. Alamu anayamba kufotokoza kuti malamulo salola munthu wopanda laisensi, koma a Nthanda anali atalanda kale maikolofoni. Ife panja tinangomva masipika akuti:

"Halo, a Mphepo? Ndine mwini suti. Ndikufuna mudziwe kuti ndinagula ndekha, ndipo nthawi imeneyo inkandikwana. Za makutu a mwana wathu sindikana, ndi a kubanja kwathu. Ukwati ukadzafika mubwere, mudzaone nokha. Ndatha. Ndiye ndizitseka bwanji? Eya. Ova!"

Bwalo lonse linayankha pamodzi kuti, "Ova!" Nyimbo inayambiranso, ndipo a Nthanda anavina mpaka suti ija inang'ambika kumsana kuchokera pakhosi kufika m'chiuno, iwo osaleka. Za ine, amene ananenedwa kuti ndinagonetsa nkhuku, palibe anapepesa mpaka lero. Ndinakadandaula kwa Fainala, iye anangoti, "Nanga ananama?"

Dzuwa litapendeka, alendo atakwera lole yawo, mnyamata wa nyimbo anayamba kukulunga zingwe zake. Fainala anasiya mbale zimene ankatsuka n'kupita pomwepo, manja ali ndi thovu.

"Iwe, masipikawa usachotse lero."

"Mayi, mwambo watha."

"Ndikudziwa. Koma ine ndakhala ndi bambo awa m'nyumba imodzi mpaka mwana wakula, mawu ngati aja sindinawamvepo. Kani amalankhula bwino akakhala kuchigafa, ine ndili panja. Asiye mpaka mawa, mwina atsala nawo ena."